N'chifukwa chiyani Ahindu amatentha maliro m'malo moika m'manda?

Funso: Ndagwira ntchito zaka 19 m'sitolo ya Mmwenye wina ku Limbe. Sabata yatha abwana anamwalira, ndipo ana awo anatitenga ife antchito kupita kumaliro. Ine ndimayesa tikupita kumanda, koma tinakafika pamalo pomwe anagoneka thupi pa mulu wa nkhuni, mwana wawo wamkulu n'kuyatsa moto. Chichokereni kumeneko tulo sindikupeza. Munthu amene anakubala ungamutenthe bwanji ngati zinyalala? Pano andiuza kuti ndidzafike kunyumba pa tsiku la 13. Kumakachitika zotani kumeneko, ndipo ine monga Mkhristu ndipite? Ndine bambo wa ku Bangwe.

Yankho: Pepani Bambo ndi zovutazi. Zaka 19 pamalo amodzi si masewera, ndipo amene mwataya si bwana chabe. Kusowa tulo kwanuko sindikukudabwa. Kwathu kuno moto ukamayaka pa thupi la munthu ndiye kuti wagwidwa akuba pamsika anthu n'kumukoleka tayala, kapena ndi gogo amene mudzi wamunamizira ufiti, kapena ndi ulaliki wa Gehena. Maso anu anazolowera kuti moto pa munthu ndi chilango. Tsono mutaona mwana akuyatsa bambo wake, mtima wanu unawerenga chipongwe. Koma mnyamata ujayo, tsiku limene lija, amagwira ntchito yolemera kuposa ina iliyonse imene Mhindu angachitire kholo lake. Akanakana kuigwira, abale ake akanamuona monga momwe ife tingaonere mwana amene wasiya mayi ake ku mochale n'kupita kukamwa mowa.

Ndiyambe ndachotsa chisokonezo chimodzi. Ife timangoti "Amwenye" ngati onse ndi amodzi. Ambiri mwa iwo kuno ku Malawi ndi Asilamu, ndipo iwowa amaika m'manda monga amachitira Asilamu anzawo a ku Mangochi. Otentha ndi Ahindu, komanso Asikh ndi Ajain. Mabanja ambiri achihindu a kuno makolo awo anachokera ku Gujarat, kumadzulo kwa India, nthawi ya atsamunda. Chihindu chilibe likulu limodzi lolamula kuti aliyense azichita chonchi, ndiye mwambo wa banja lina umasiyana pang'ono ndi wa lina. Zimene ndikufotokozereni pano ndi msana wake wa mwambowu.

Dzina la mwambo munauona uja ndi antyeshti, kutanthauza nsembe yotsiriza. Mhindu amaperekezedwa ndi miyambo kuyambira ali m'mimba, ndipo ambiri amaiwerenga kuti ilipo 16: kupatsa mwana dzina, kumulawitsa chakudya koyamba, kumumeta koyamba, ukwati, mpaka imfa. Pa yambiri mwa miyambo imeneyi pamakhala moto. Moto kwa iwo ndi Agni, mulungu amene amanyamula nsembe kuchoka kwa anthu kupita nazo kumwamba. Wansembe akamathira mpunga ndi mafuta pamoto, amakhala akupatsira mthengayo katundu. Abwana anu tsiku limene ankakwatira anazungulira moto ndi mkazi wawo, moto womwewo ukuchitira umboni. Moyo wonse akhala akupereka zinthu kudzera mwa Agni. Pomalizira chatsala n'chimodzi choti n'kupereka, ndilo thupi lawo.

Maganizo amenewa ndi akale zedi. Mu Rigveda, buku la nyimbo zopatulika limene lapitirira zaka 3,000, muli nyimbo ya maliro yopempha Agni kuti asamupsereze womwalirayo mwankhanza, koma amukonze bwino, akapsa amupereke kwa makolo. Nyimbo yomweyo imati diso lipite kudzuwa, mpweya upite kumphepo. Mawu ake ndi a munthu amene akuperekeza m'bale wake pa ulendo n'kumalangiza woyendetsa kuti ayende naye bwino.

Apa ndi pamene Mkhristu ndi Mhindu amasiyanirana njira, ndipo ndi bwino kusiyanaku mukudziwe m'malo mokuphimba. Ife tikamaika maliro timaimba za kugona, thupi timaliyesa mbewu yofesedwa imene idzauka tsiku lomaliza. N'chifukwa chake timalisamala, timaligulira bokosi, timamanga chiliza. Mhindu amakhulupirira kuti mwini wake weniweni, amene amamutcha atman, sabadwa ndipo safa. Mu Bhagavad Gita, limodzi mwa mabuku awo opatulika, mutu 2 ndime 22, mulungu Krishna amayerekeza thupi ndi chovala: chikatha munthu amavula n'kuvala china. Thupi lenilenilo ndi zinthu zisanu zobwereka, dothi, madzi, moto, mpweya ndi thambo, ndipo zobwereka zimabwezedwa. Vuto ndi lakuti mzimu umazolowera chovala chakecho. Umakakamira pafupi, osafuna kuchoka, ngati munthu amene nyumba yake yagwa koma akungozungulirabe pabwinja. Moto umachita mwachangu chimene nthaka ikanatenga zaka kuti ichite, ndipo mzimuwo umaona ndi maso kuti kobwerera kulibe. N'chifukwa chakenso safuna kusunga thupi masiku ambiri. Kukakhala kotheka amatentha tsiku lomwelo kapena mawa lake, ngakhale masiku ano amadikirako ana ochokera ku Leicester, ku England, kapena ku Johannesburg.

Tsopano tibwerere pa zimene munaona, chifukwa chilichonse chinali ndi tanthauzo, ndipo zina zinachitika inu musanafike. Munthu akamatsirizika, abale amamudonthezera m'kamwa madzi a mumtsinje wopatulika wa ku India wotchedwa Ganga, amene mabanja ambiri amasunga m'kabotolo kapena m'kamtsuko kamkuwa zaka ndi zaka kudikira tsiku limeneli. Amaikamonso tsamba la tulsi, kachitsamba konunkhira kofanana ndi mpungabwi kamene mwina mumakaona mumphika pakhomo pa abwana anu. M'mabanja osunga mwambo amamutsitsa pabedi n'kumugoneka pansi. Akatsirizika amayatsa kanyale chakumutu. Kusambitsa ndi kwa abale, amuna kwa mwamuna, akazi kwa mkazi. Amamukulunga m'nsalu yoyera, koma mayi amene wasiya mwamuna wake ali moyo kawirikawiri amamuveka zofiira ngati mkwatibwi. Bokosi la ndalama zambiri mulibe m'mwambowu. Ku India amangomanga machira a nsungwi, wolemera ndi wosauka chimodzimodzi.

Ngati munamva onyamula akubwereza mawu amodzimodzi m'njira, kumpoto kwa India amati "Ram nam satya hai", kutanthauza kuti dzina la mulungu Rama ndilo choonadi, ndipo Agujarati ambiri amati "Ram bolo bhai Ram". Mwana wamkulu uja anali atavala zoyera, mwinanso atameta mpala. Anazungulira nkhunizo atanyamula moto, ndipo mukadayang'anitsitsa mukanaona kuti amazungulira mobwerera, mosiyana ndi momwe amazungulirira kukachisi. Pa maliro zambiri amazichita chagada dala: mbali ya imfa ndi kumwera, kwa Yama mfumu ya akufa, ndipo ngakhale chingwe chopatulika chimene ena amavala paphewa lakumanzere amachisamutsira kumanja. Moto woyamba amayatsira chakukamwa kapena chakumutu. Zimene ankathira zija ndi ghee, mafuta a mkaka wa ng'ombe omwe aja amathira pa nsembe zina zonse, pamodzi ndi timitengo tonunkhira ta sandalwood.

Pali mbali ina imene mwina munatembenuka kuti musaione, ndipo sindikudzudzulani. Thupi likapsa ndithu, woyatsa uja amatenga nsungwi n'kugogoda chigaza kuti chitseguke. Amati kapala kriya. Ine nditaziona koyamba m'mimba munandiwira. Koma ganizirani za liwombo la mwana wakhanda, pamene amayi athu amaopa kukhudza. Ahindu amati pamenepo ndi pakhomo, ndipo munthu amene mzimu wake watulukira pamwamba pa mutu watuluka bwino. Mwanayo amatsegulira bambo ake chitseko. Masiku ano ambiri amangokhudza ndi nsungwiyo mwa chizindikiro, ndipo kumene amatenthera ndi magetsi kapena gasi mwana amangodina batani. Palinso mtsuko wadothi wodzaza madzi umene amauboola, kuzungulira nawo madzi akuchucha, kenako n'kuuswa. Ukasweka anthu amanyamuka osacheuka. Kulira mokweza pamenepo sakulimbikitsa, poti misozi imakoka womwalirayo kuti abwerere. Ife amene tinazolowera kuti mayi akangofika pasiwa ayambe wabuma, bata limenelo timaliyesa kuuma mtima. Akafika kunyumba aliyense amasamba asanakhudze kanthu, zimene kwa ife si zachilendo konse.

Ndinafikako ku Varanasi, mzinda wa m'mphepete mwa Ganga umene iwo amautcha Kashi, ndipo ndinakhala madzulo athunthu pa doko la Manikarnika. Pamenepo moto suzima usana ndi usiku. Chimene chinandidabwitsa poyamba ndi sikelo. Sikelo zikuluzikulu zachitsulo, zonga zoyezera fodya, zili mbali zonse, ndipo nkhuni zimagulitsidwa pa kilo chifukwa thupi limodzi limadya makilogalamu mazana angapo. Ndinaona bambo wina wometa mpala, nsalu yoyera ili m'chiuno, akunenerera mtengo wa nkhuni, thupi la mayi ake lili pamachira pamasitepe, lonyowa poti anali atangoliviika mumtsinje. Pambali pake ng'ombe imadya nkhata za maluwa zimene zinagwa pamachira ena, mnyamata wogulitsa tiyi akudutsa ndi ketulo. Palibe amene amalira. Ahindu amakhulupirira kuti wofera ku Kashi sabadwanso, poti mulungu Shiva mwiniwake amamunong'oneza m'khutu mawu omuolotsa. Kumasuka ku kubadwabadwa kumeneku, kumene amakutcha moksha, ndiye chiyembekezo chawo chachikulu. Mumzindamo muli nyumba za alendo zimene okalamba amapitako kukadikira imfa, ndipo ina yotchuka imapatsa munthu pafupifupi masabata awiri: akapanda kufa amamupempha kuti apereke malo kwa ena.

Koma pa doko lomwelo ndinaonanso chinthu chimene sindingachikometsere. Osonkha motowo, amene amatembenuza mitembo ndi nsungwi tsiku lonse mu utsi, ndi a fuko la Dom. Moto woyatsira maliro aliyense amagula kwa iwo, ngakhale akhale nduna. Komabe anthu omwewo kwa zaka mazanamazana akhala akuonedwa ngati odetsedwa, osayenera kukhudzidwa kapena kudya nawo mbale imodzi. Kwathu adzukulu ndi anthu a m'mudzi momwemo, lero akumba awa mawa ena, ndipo nsima yawo imayamba kupita kumanda. Kumeneko munthu amabadwira mu ntchitoyo, mwana wake n'kudzailowanso. Malamulo a dziko la India anathetsa tsankho limeneli mu 1950, koma m'mitima ya anthu silinathe. Chodabwitsa n'chakuti nthano zawo zomwe zimadziwa kulemera kwa ntchitoyi: doko lina lotenthera maliro mumzindamo limatchedwa Harishchandra, dzina la mfumu imene inataya ufumu posafuna kunama, n'kudzigulitsa ukapolo kwa Mdom, mpaka tsiku lina mkazi wake anabwera ndi mtembo wa mwana wawo ndipo mfumuyo inamuuza kuti alipire msonkho wa pamalopo monga wina aliyense.

Umboni wina wakuti kutentha si kutaya zinyalala ndi anthu amene satenthedwa. Ana aang'ono amaikidwa m'manda, poti amati sanayambe kumamatira dziko ndipo alibe choti moto uyeretse. Ma sannyasi, anthu amene anasiya banja ndi chuma chifukwa cha mapemphero, nawonso amaikidwa, kawirikawiri atakhala tsonga, chifukwa iwo anadzichitira okha mwambo wa maliro tsiku limene ankasiya dziko. Palinso magulu athunthu, monga Alingayat a ku Karnataka, amene amaika m'manda aliyense.

Phulusa ndi timafupa totsala amakatola mawa lake kapena tsiku lachitatu, ndipo m'zinenero za kumpoto kwa India amazitcha "maluwa". Zimenezi ziyenera kupita m'madzi oyenda, makamaka mu Ganga, ndipo chifukwa chake chili m'nthano imene mwana aliyense wachihindu amaidziwa. Kunali mfumu Sagara imene inali ndi ana aamuna 60,000. Inamasula hatchi ya nsembe kuti iyende m'maiko posonyeza ufumu wake, koma Indra, mfumu ya milungu, anaiba hatchiyo n'kukaimanga pafupi ndi mkulu wina wa mapemphero dzina lake Kapila, kunsi kwa dziko. Anawo anakumba pansi mpaka anaipeza, ndipo posafunsa n'komwe anayamba kumunena mkuluyo kuti ndi mbala. Kapila anangotsegula maso, onse 60,000 n'kusanduka phulusa. Panalibe wowachitira mwambo, ndiye mizimu yawo inangokhala ikuyendayenda. Mankhwala ake anali amodzi: madzi a Ganga, amene nthawi imeneyo ankayenda kumwamba kokha. Mibadwo inayesa n'kulephera, mpaka panabadwa Bhagiratha. Iyeyu anasiya ufumu n'kukadzizunza m'mapiri zaka zosawerengeka mpaka mulungu Brahma analola. Koma panali vuto lina: mtsinjewo ukanagwa molunjika ukanaphwanya dziko. Bhagiratha anayambiranso kupemphera, Shiva anavomera kutchera mutu wake, madziwo anakodwa m'tsitsi lake lopotanalo n'kumatsika pang'onopang'ono. Bhagiratha anatsogola, mtsinje ukumulondola pambuyo, mpaka unakafika pa phulusa lija.

Mukadzaona chithunzi cha Shiva m'sitolo mwanumo, yang'anani pamutu pake, muona kamtsinje kakutumphuka. Ndi nkhani imeneyi. Mtsinje umene umachokera ku madzi oundana a ku Gaumukh m'mapiri a Himalaya mpaka lero umatchedwa Bhagirathi, ndipo kumene Ganga amathira m'nyanja, atayenda makilomita pafupifupi 2,500, kuli chilumba cha Sagar ndi kachisi wa Kapila kumene anthu miyandamiyanda amasonkhana mwezi wa January. Onani kuti m'nthanoyi tsoka la ana a Sagara silinali kupsa ayi. Tsoka lawo linali kusowa mdzukulu wowakumbukira.

Choncho musadabwe mukamva kuti mwana wa abwana anu wakwera ndege ndi kachitini m'chikwama. Ena amapita ku Haridwar, kumene ansembe amasunga mabuku a mibadwo ya mabanja, ndipo munthu akafika amamutsegulira tsamba limene agogo ake analembapo dzina lawo zaka 100 zapitazo. Agujarati ambiri amapita ku Chandod m'mphepete mwa mtsinje wa Narmada. Amene sangathe amagwiritsa ntchito madzi a kumene ali: ku Leicester, kumene kunasamukira Amwenye ambiri ochoka kuno ndi ku Uganda m'zaka za m'ma 1970, kuli malo ovomerezeka pa mtsinje wa Soar. Mahatma Gandhi atatenthedwa ku Delhi pa 31 January 1948, phulusa lake linagawidwa m'malo ambiri, ndipo lina linasungidwa mpaka 2010 pamene linamwazidwa m'nyanja ku Durban, m'dziko limene iye anakhalamo zaka zoposa 20.

Tsopano za tsiku la 13, ndipo apa ndi pamene ndikuganiza kuti mudzimva kuti muli kwanu. Moto umamasula mzimu ku thupi, koma suufikitsa. Masiku oyambawo womwalirayo amatchedwa preta: alibe thupi, ali ndi njala ndi ludzu, sali kuno sali uko. Agogo athu akanati chiwanda, m'tanthauzo lakale lija la mzimu umene sunakhazikike. Ntchito ya banja ndi kumusandutsa pitri, kholo lokhazikika pakati pa makolo. Tsiku lililonse, kwa masiku 10, mwana uja amaumba mpunga wophika wosakaniza ndi chitowe chakuda kukhala kampira konga mbamu ya nsima. Dzina lake ndi pinda. Amati mbamu iliyonse imamanga chiwalo cha thupi latsopano la ulendo: tsiku loyamba mutu, kenako maso ndi makutu, mpaka tsiku la 10 pamene thupilo lakwanira ndipo layamba kumva njala. Mabanja ena masiku ano amapereka zonse 10 tsiku limodzi chifukwa cha ntchito. M'nyumba nthawi imeneyi sachita chikondwerero, sapita kukachisi, masiku oyamba ena sasonkha n'komwe moto ndipo chakudya chimachokera kwa abale ndi anansi. Madzulo ena amawerenga Garuda Purana, buku lofotokoza njira ya kwa Yama, mtsinje woopsa wa Vaitarani umene munthu amaoloka atagwira mchira wa ng'ombe imene anaperekapo mphatso, ndi mlembi Chitragupta amene amasunga kaundula wa zochita za aliyense.

Mbamu zina amaziika panja kuti akhwangwala adye, poti khwangwala ndi mthenga wa makolo. Ndinakhalapo pa mwambo wotere kwa mnzanga wina. Tinaima chapatali pafupifupi theka la ola, mpunga uli patsamba, akhwangwala ali pa waya wa magetsi akungotiyang'ana. Anthu anayamba kunong'onezana kuti malemu ali ndi chodandaula. Kenako mchimwene wamkulu anayandikira, manja ali pamodzi, n'kulankhula motsitsa kuti mlongo wawo wamng'ono amaliza sukulu, iye alipira. Patapita kanthawi mbalame imodzi inatsika. Kaya inatsika chifukwa cha lonjezolo kapena chifukwa tinali titafutukako, zimenezo ndikusiyirani. Chimene ndikudziwa n'chakuti lonjezo linanenedwa pamaso pa mboni, ndipo fizi inalipiridwa.

Pachimake ndi tsiku la 12, mwambo wa sapindikarana. Wansembe amakonza mbamu zitatu, ya bambo wa malemu, ya agogo ake ndi ya agogo a bambo ake, kenako ina yayitali ya malemuyo. Mwana amadula yayitaliyo patatu, chidutswa chilichonse n'kuchikanyira mu imodzi mwa zitatu zija mpaka osaonekanso polumikiza. Basi, munthu uja walowa mwa makolo ake. Pa miyambo yonse imene ndinaphunzira, ndi wochepa umene umanena chinthu chachikulu chotere ndi manja okha. Tsiku la 13, limene Agujarati amati termu, ndi lotsuka nyumba, kudyetsa ansembe, abale ndi osauka, kupereka mphatso m'dzina la malemu, ndi kutsegulanso moyo. Inu mukudziwa kumeta kumene timachita patapita masiku ochepa, ndi kumeta kwachiwiri kapena sadaka patapita miyezi, pamene akuluakulu amati mzimu tsopano wagona. Sindikunena kuti miyamboyi ndi imodzi kapena kuti wina anatengera kwa mnzake. Ndikungoti funso limene ikuyankha ndi lomwelo.

Wina wa maso akuthwa afunsa kuti, ngati munthu amabadwanso malinga ndi karma yake, ndiye kuti zotsatira za zochita zake, nanga amene akudya mpunga kwa makoloyo ndani? Funso limeneli Ahindu eni ake analifunsa kalekale. Chikhulupiriro cha dziko la makolo ndi chakale kuposa cha kubadwanso, ndipo chatsopanocho chitabwera chakalecho sichinachoke. Ansembe ena amayankha kuti chakudyacho chimamupeza munthu kulikonse kumene wabadwira, chitasanduka chimene akudya kumeneko. Ife amene timaimba kuti malemu ali m'manja mwa Ambuye, kenako n'kukachita sadaka chifukwa wabwera kumaloto akudandaula njala, tilibe pomusekera mnzathu.

Munatchula mwana wamkulu wamwamuna. Mwambo wakale unaika ntchitoyi pa iye, mpaka buku lakale la malamulo la Manu limamasulira mawu akuti putra, mwana wamwamuna, kuti ndi wopulumutsa bambo ake ku dzenje la mazunzo lotchedwa put. Maganizo amenewa avutitsa amayi ambiri obereka ana aakazi okhaokha. Zinthu zikusintha: mu August 2018, pamene ankatentha thupi la Atal Bihari Vajpayee, yemwe anakhalapo nduna yaikulu ya India, amene anayatsa moto dziko lonse likuonera pa kanema anali mwana wake wamkazi womulera, Namita. Ndipo poti wina pa minibasi adzakuuzani kuti "amatenthanso mkazi wake wamoyo", dziwani kuti mchitidwe umenewo, wotchedwa sati, unalikodi m'madera ndi m'mafuko ena, sunali wa aliyense, ndipo unaletsedwa mu 1829 Mhindu mnzawo Ram Mohan Roy atalimbana nawo kwa zaka. Mtsikana wina wa zaka 18, Roop Kanwar, atafa motero ku Rajasthan mu 1987, boma linakhwimitsa lamulo mpaka kuletsa ngakhale kutamanda mchitidwewo. Mayi a kunyumba kwa abwana anu chimene mudzaone ndi chakuti avala zoyera kapena zosawala, ndipo kadontho kofiira kapamphumi kaja mwina achotsa.

Mupite kodi? Ine ndikuti pitani. Maliro n'kulirana, ndipo banja limene laitana wantchito pa tsiku limeneli lamuwerengera pa abale. Palibe amene akakuuzeni kuti mugwadire fano kapena munene mawu a pemphero lawo. Wansembe akamachita zake pamoto, inu mukakhala chete kumbuyo monga amachitira Msilamu pa maliro a Mkhristu. Muvale zoyera kapena zotuwira, zosakongoletsa. Suti yakuda imene timaiyesa ya maliro kumeneko siyendera. Nsapato muvule pakhomo. Mukafika kwa mayiwo musatambasule dzanja, ingophatikizani manja pachifuwa n'kuweramitsa mutu. Mudzaona chithunzi cha malemu atachiveka nkhata ya maluwa, anthu akuponyapo timaluwa. Mukafuna teroni, mukapanda kufuna ingoimani kamphindi n'kudutsa. Musanyamule nyama, nsomba, mazira kapena chakumwa choledzeretsa. Chipepeso cha ndalama si mwambo wa mabanja onse, ndiye funsani kaye wantchito mnzanu wakale kapena mmodzi wa anawo, mungakachititse manyazi mkazi wa bwana pomupatsira envelopu pagulu.

Chakudya chidzakhala cha masamba, nyemba, mpunga, chapati ndi zotsekemera, ndipo kudya kwanu ndi mbali ya mphatso imene banja likupereka m'dzina la malemu. Pakhoza kukhalanso prasad, kachakudya kamene kayamba kaperekedwa kwa milungu yawo. Apa chikumbumtima ndi chanu. Paulo anakambapo nkhani yotereyi mu 1 Akorinto mutu 8 ndi mutu 10, ndipo Akhristu mpaka lero amawerenga mitu imeneyi mosiyana. Ngati mtima sukulola, phatikizani manja n'kunena kuti zikomo, ndadya kale zinazi. Ahindu amene akhala pakati pathu mibadwo itatu kapena inayi sadzakhumudwa nazo. Chimodzi chokha ndikupempheni: nkhani ya ndalama zanu za zaka 19, kapena yakuti sitolo ipitirira bwanji, ndi yofunika ndipo muli ndi ufulu woifunsa, koma musaiyambitse tsiku limenelo. Dikirani sitolo itsegulidwe.

Mukapeza mpata ndi mwana uja anayatsa moto, muuzeni kanthu kamodzi kamene bambo ake anachita kapena kunena m'sitolo, kamene iye sakukadziwa. Inu munakhala nawo maola ambiri pa tsiku kuposa ana awo. Ndipo mu September kapena kumayambiriro kwa October, pa masabata awiri okumbukira makolo amene amawatcha Pitru Paksha, mukadzaona mnyamatayo akukwera padenga la sitolo ndi mbale ya mpunga n'kumaitana akhwangwala, musadzamufunse kuti akutani. Mudzangomugwirira makwerero.